Kambalame ka bulauni koyamwa maluwa kuno ku Cairns, ndani akukadziwa?

Nachisale Cairns: Abale anga ndikudziwa kumudzi mukadali mtulo koma mukadzuka mundithandize, ndaponya chithunzi apa. Panyumba yomwe ndikuchita lendi pali kamtengo ka grevillea pafupi ndi windo la kukhitchini ndiye mmawa uliwonse pamabwera kambalame aka, kamangolowetsa mlomo mmaluwa limodzilimodzi, sikakhazikika ayi kakati apa kakati apo nthawi zina mpaka kulendewera chadodolido. Msinkhu wa mpheta koma kowonda, mlomo wakuda wopindika, thupi lonse bulauni wodera basi. Ine ndimayesa ndi choso wathu uja koma aneba anga, mayi achikulire a konkuno, akuti ndi honeyeater, dzina lotanthauza yodya uchi. Ndawafunsa kuti honeyeater wake uti akuti alipo ambirimbiri iwo sangadziwe. Ndikufuna dzina lake lenileni chifukwa mwana wanga akulemba mbalame zonse zobwera pakhomo mu kope yake ya kusukulu

Bambo a Yankho: Mwadzuka bwanji mayi. Ngati ikudya uchi ndiye si nsadzu imeneyo? Kwathu ku Kasungu nsadzu ndi yotuwa chomwecho yosaoneka bwino, imakulondolera mpaka pa mphako ya njuchi

Aphunzitsi Mbewe Zomba: Ayi bambo a Yankho nsadzu sakhala pa maluwa. Nsadzu amadya phula ndi ana a njuchi, mlomo wake ndi waufupi wonenepa, osati wopindika chonchi. Komanso ndi wamkulupo, pafupifupi pumbwa. Ine pachithunzipo ndikuona choso wamkazi. Anthu ambiri amadziwa wamwamuna yekha chifukwa chonyezimira, koma taonani wamkazi wa uja wa chifuwa chofiira amene azungu amati Scarlet-chested Sunbird, ndi wa bulauni wodera ndendende ngati ameneyu. Pano pa Zomba amabwera pa maluwa a bottlebrush tsiku ndi tsiku ndimawaona ndili pakhonde

Mai a Mphatso Area 25: Koma zoona anthu mukukambirana za mbalame mmawa uno? Ine ndimaona ngati timbalame tonse ta bulauni ndi timodzimodzi

Nachisale Cairns: Amayi inenso ndinali choncho koma kuno mbalame zimachita kukulowera mmaso, sizithawa anthu. Aphunzitsi zikomo, ndiye mukuti choso eti

Tiyamike JCU: Anti Nachisale moni, ndangotuluka mkalasi kuno ku James Cook University (JCU). Aphunzitsi pepani nditsutsako pang'ono mwaulemu. Kuno ku Australia choso alipo wa mtundu umodzi wokha basi, ndipo amapezeka konkuno kugombe la Queensland, ku Cairns ngakhale kuno ku Townsville ndi wosasowa. Mmabuku akale amalemba Olive-backed Sunbird kapena Yellow-bellied, koma mu 2023 akatswiri anagawa mtunduwu ndiye wa kuno pano akumutchula Sahul Sunbird. Wamkazi wake mimba yonse ndi chikasu chowala kuyambira pakhosi mpaka pansi pa mchira, ali ndi kamzere kachikasu pamwamba pa diso. Wamwamuna pakhosi pamanyezimira buluu wakuda. Ka pachithunzi ka anti kalibe chikasu ngakhale pang'ono ndiye choso tamuchotsa. Aneba anu akunena zoona ndi honeyeater

Aphunzitsi Mbewe Zomba: Mtundu umodzi wokha dziko lonse lalikulu lija? Kuno tili nawo ambiri zedi, ku Nyika kokha ukapeza Malachite, Bronzy ndi uja wa Scarlet-tufted. Ndiye maluwa akumeneko amayamwa ndani mwana wanga

Tiyamike JCU: Amayamwa ma honeyeater omwewa aphunzitsi. Ntchito yomwe kwathu amagwira achoso, kuno akugwira iwowa, ku America akugwira ma hummingbird. Mabanja atatu osiyana, si pachibale ayi, angofanana chifukwa chakudya ndi chimodzi ndiye milomo inapita kofanana. Banja lawo ndi Meliphagidae, mitundu yake ili cha mma 190 ndipo ili ku Australia, New Guinea, New Zealand ndi zilumba za ku Pacific, chakumadzulo amalekezera ku Bali. Ku Africa kulibe ngakhale mmodzi. Ena ndi akuluakulu kuposa njiwa, ena ndi timasentimita 10 basi. Kusiyana kwenikweni kuli pa lilime, la choso ndi kapaipi amachita kukoka timadzito, pomwe la honeyeater kumapeto kwake ndi konyenyeka ngati mswachi wa mtengo uja wotafuna, ndiye amalitulutsa ndi kulibweza mwachangu kwambiri likanyowa amalifinya mkamwa. Ndipo bambo a Yankho, uchi wa njuchi sadya ayi ngakhale dzina likutero, ndi timadzi ta mmaluwa ndi tizilombo touluka, ena amadyanso tizipatso

Bambo a Yankho: Oho ndamva. Ndiye kumeneko kulibe mbalame yolondolera njuchi?

Aphunzitsi Mbewe Zomba: Ya nsadzu ndi nkhani ya kuno kwathu imeneyo. Mu 2016 Claire Spottiswoode ndi anzake anasindikiza kafukufuku wa ku Niassa ku Mozambique, anapeza kuti Ayao ofula njuchi akaitana ndi kaphokoso kawo kaja ka brrr-hm nsadzu amabweradi kudzawatsogolera kuposa akapanga phokoso lina lililonse. Azigogo athu ankadziwa kale izi. Koma tisasocheretse funso la mayi

Kondwani Darwin: Ndafika mochedwa koma iyi ndi yophweka abale, Brown Honeyeater ameneyo. Kuno ku Darwin ali paliponse, pa car park, pa chipatala, mmitengo ya paperbark, kulikonse. Kabulauni, mlomo wopindika, kokonda grevillea. Tsekani nkhani

Tiyamike JCU: Achimwene musatseke msanga kkk. Brown Honeyeater ndi mmodzi mwa atatu amene ndikuwaganizira koma chithunzichi chajambulidwa kuwala kuli kumbuyo kwa mbalame, ndiye chilichonse chioneka chodera. Atatu ake ndi Brown Honeyeater, Dusky Honeyeater amene pano akumalemba Dusky Myzomela, ndi wamkazi wa Scarlet Honeyeater. Onsewa amapezeka dera la Cairns ndipo onse amakonda maluwa omwewo

Nachisale Cairns: Ndinaika chithunzi chomwechi pa Merlin, app yozindikira mbalame ija munandiuza mwezi watha, yandipatsa mayina atatu omwewo kuphatikiza wina wachinayi. Ndiye ndasokonezeka kwambiri

Tiyamike JCU: Merlin ndi yabwino anti koma imadya chomwe mwaipatsa, chithunzi chikakhala chamdima nayonso imangoponya. Mawa mmawa musavutike ndi kujambula poyamba, ingokhalani pawindo osagwedezeka mukayang'ane kuseri kwa diso. Brown Honeyeater kuseri kwa diso lake kuli kachigamba kakang'ono ka makona atatu, kachikasu kapena koyererako, kakang'ono zedi koma kakatembenuza mutu kamaoneka. Mmbali mwa mapiko ndi mchira muli kachikasu kobiriwira, ndipo mimba yake ndi yotuwa kusiyana ndi msana. Wamkazi ndi ana pakona ya mlomo pamakhala chikasu, wamwamuna nthawi yoswana pamada. Dusky alibe zonsezi, iyeyo ndi mtundu umodzi kuyambira kumutu mpaka kumchira, pansi ndi pamwamba pafupifupi chimodzimodzi, kungoti pakati pa khosi pamadera pang'ono ngati kamzere kotsika kuchokera kuchibwano. Scarlet wamkazi ndi wochepetsetsa pa onse, masentimita 10 kapena 11, mchira waufupi, mimba yoyererako ndipo ena pachibwano pamakhala kufiira kozimiririka. Ndipo Scarlet sachedwa kudziulula chifukwa mwamuna wake amakhala pafupi, mutu ndi chifuwa psuu mapiko akuda simungamuphonye

Kondwani Darwin: Kachigamba kakuseri kwa diso kaja nthawi zina sikaoneka aise, makamaka ana. Ine ndawaonapo ambiri opanda

Tiyamike JCU: Zoona achimwene, nchifukwa chake khutu likufunikanso. Brown Honeyeater ndi woyimba, kathupi kochepa koma mawu ake amamveka mtunda wautali, nyimbo yokoma yobwerezabwereza, ena amati pa ma honeyeater onse katswiri ndi iyeyu. Akakhala pakhomo simungafunse. Dusky alibe nyimbo yoti nkuitchula, ndi timawu tosongoka ti tsi tsi tsi basi, makamaka akamathamangitsana

Nachisale Cairns: Kuyimba ayi sindinakamvepo. Koma kuthamangitsana kokha eee, kakangobwera kanzake pamtengopo ndi nkhondo, zimazungulira nyumba yonse

Achimwene a ku Kapa: Moni onse. Ine ndimagwira ntchito ya mmagaden kuno ku Cape Town ndiye nkhaniyi yandikoka. Kuno kuli ina ya bulauni yamchira wautali kwambiri imakhala pamwamba pa maluwa a protea, amati Cape Sugarbird, ukapita ku gaden yaikulu ya Kirstenbosch nthawi ya maluwa uziona zili mbwee. Abwana anga ena okonda mbalame anandiuza kuti ndi mbale wake wa za ku Australia zomwe mukunenazi. Ndiye mukati ku Africa kulibe ndadabwa

Tiyamike JCU: Abwana anuwo anawerenga mabuku akale ndipo sananame, kale ma sugarbird ankaikidwadi mbanja la ma honeyeater chifukwa lilime lawo nalonso ndi lonyenyeka kumapeto. Atayamba kuyeza DNA anapeza kuti palibe ubale, pano ali ndi banja lawolawo Promeropidae, mitundu iwiri yokha, wa ku Cape uyo ndi Gurney's Sugarbird amene amafika mpaka kumapiri a kummawa kwa Zimbabwe

Achimwene a ku Kapa: Ndikawauza Lolemba. Koma chimodzi chomwe ndaona ine pogwira ntchito, mbalame zoyamwa maluwazi zikamachoka pa duwa pamphumi pamakhala mungu wachikasu waunga, ndiye munthu utha kuganiza kuti ndi mtundu wa nthenga. Mayi a ku Cairns musamale pamenepo mukamafufuza chikasu chanucho

Tiyamike JCU: Apa mwanena mfundo yaikulu achimwene. Grevillea anapangika mochenjera, kansonga kaja kotuluka kunja kwa duwa kamanyamula mungu ndiye mbalame ikalowetsa mlomo kamaigunda pamutu. Dusky wodya pa grevillea nthawi zambiri amaoneka ndi mphumi yachikasu kapena ya olenji, anthu nkumalemba kuti aona mtundu wachilendo. Ndiye anti chikasu cha pamphumi musachiwerengere, tikufuna cha kuseri kwa diso ndi mmapiko

Mai a Mphatso Area 25: Grevillea yo ndi chani kodi, kuno ilipo?

Aphunzitsi Mbewe Zomba: Ilipo mayi, mwaionapo kungoti dzina. Mtengo wautali wamasamba ong'ambikang'ambika, maluwa ake achikasu cha olenji ooneka ngati chipeso, ku Thyolo ndi ku Mulanje mmaesiteti a tiyi ilimo, mmatauni monso anabzala. Umenewo ndi Grevillea robusta, unachokera ku Australia konko. Bulugamu yense mukumuonayu kwawo ndi komweko, bottlebrush naye chimodzimodzi. Mitengo inabwera koma mbalame zake zinatsala, ndiye achoso athu anangoipeza nkuyamba kudyapo. Chimene chimandisangalatsa ine nchakuti mayi Nachisale ali pawindo kuyang'ana mtengo wa mtundu womwewo umene ine ndikuuona kuno, koma wodyapo ndi wina

Nachisale Cairns: Wa pakhomo panowu ndi waufupi aphunzitsi, umandifika mmapewa, maluwa apinki. Koma masamba ndi omwewo. Ndipo kuno nyengo ndi ya kwathu ndithu, mvula imayamba cha mu Disembala mpaka Epulo, mango ali mbwee, kutentha kwake kwa ku Lower Shire. Ndinayang'ana pa mapu Cairns ndi Nsanje zili pa mzere umodzi, madigiri pafupifupi 17 kummwera

Mai a Mphatso Area 25: Bwanji osangoika madzi a shuga mkambale pawindo pomwepo kabwere pafupi mukajambule bwino? Kapena uchi

Tiyamike JCU: Amayi chonde ayi, makamaka uchi. Uchi wosiyidwa poyera umafalitsa matenda a njuchi ndipo alimi a njuchi kuno amadana nazo kwambiri. Madzi a shuga nawo ndi kutentha kwa Cairns amasasa tsiku lomwelo, mbalame zambiri zikamamwera malo amodzi zimapatsirana matenda, komanso obwera si kambalame kathuka ayi abwera ma rainbow lorikeet, zinkhwe zakuno, chigulu ndi phokoso lawo nkuthamangitsa tonse tating'ono. Chomwe chimathandiza ndi mbale yosazama ya madzi wamba, kuiika pamwamba pafupi ndi chitsamba pomwe mphaka sangafike, kusintha madzi tsiku lililonse. Masana kukatentha timabwera kudzasamba ndipo pamenepo ndi pomwe mungakaone bwino chifukwa kamakhala kaye pa nthambi kudzikonza nthenga

Bambo a Yankho: Ife tili ana tikanangotchera ulimbo pa duwa pomwepo nkukagwira kukaona mmanja

Kondwani Darwin: Kuno mukatero ndi mlandu bambo, mbalame zachilengedwe zonse ndi zotetezedwa, ku Queensland lamulo lake ndi Nature Conservation Act ya 1992. Legeni ayi ndithu

Aphunzitsi Mbewe Zomba: Ulimbo ndi legeni zinatitengera zambiri. Ine ndinayendetsapo kalabu ya zachilengedwe kusukulu pansi pa bungwe loteteza zachilengedwe la WESM zaka zambiri, ndipo ana amene ankadziwa mbalame kuposa onse anali omwe aja a malegeni mthumba. Amadziwa imene imagona pati, imalira bwanji, imabwera mwezi uti. Ukangomupatsa buku ndi zoonera patali mwana wotero amasanduka mphunzitsi wa anzake sabata yomweyo. Dziko lathu lili ndi mitundu ya mbalame yoposa 600 koma ana ambiri a mtauni pano satha kutchula ngakhale 10, zimandiwawa kwambiri. Ndiye mayi Nachisale kope ya mwanayo muisamale

Nachisale Cairns: Mwadzuka bwanji nonse. Lero ndinadzuka 6 koloko ndakhala pawindo ndi tiyi wanga ngati momwe ananenera Tiyamike, foni ndinaisiya patebulo. Kanabwera dzuwa litangoyamba kuwomba mtengowo kuchokera mbali ya kwa ine ndiye ndakaona bwinobwino, mwina mamita 2 okha. Kuseri kwa diso kulibe kanthu, ndayang'ana mbali zonse ziwiri chifukwa kanatembenuka kangapo. Mmapiko mulibe chikasu. Mimba ndi msana mtundu umodzi, dzuwa likakawomba bulauni wake amapita kofiirira pang'ono ngati khofi wopanda mkaka. Pakhosi pali kamzere kodera kaja. Pamphumi panalidi mungu achimwene a ku Kapa, kanakapukuta pa nthambi ine ndikuona. Chinanso, kanasiya maluwa nkudumphira mmwamba kukawakha kachilombo kouluka nkubwerera pa nthambi yomweyo, kawiri konse. Mawu ndi tsi tsi uja basi. Kenako ndinatenga vidiyo iyi

Tiyamike JCU: Dusky Myzomela ameneyo anti, Myzomela obscura, mulembeni mkope mosakayika. Vidiyo yaonetsa zonse, pa sekondi 14 pomwe katembenuza mutu nkhope yonse ndi yodera yopanda chigamba. Masentimita 13 mpaka 15, amapezeka kugombe la Queensland, kumpoto kwa Northern Territory ndi ku New Guinea

Kondwani Darwin: Vidiyoyi yasiyana ndi chithunzi chija kutalitali. Eya ndi Dusky, kunonso aliko mmbali mwa mitsinje momwe muli nkhalango yowirira. Koma mudzabwere ku Darwin mudzaone mbale wake Red-headed Myzomela wa mmitengo ya mangrove, wamwamuna mutu ndi wofiira ngati waviika mu penti, pamwamba pa mchira ponso mpofiira

Bambo a Yankho: Ndiye kambalame kosaoneka bwino chonchi mpaka masiku awiri anthu kukangana

Aphunzitsi Mbewe Zomba: Tosaoneka bwino ndi tomwe timaphunzitsa munthu kuyang'ana bambo. Wofiira aliyense amudziwa ali pa njinga. Koma Tiyamike ndifunseko, chisa chake chimakhala cholendewera ngati cha choso?

Tiyamike JCU: Ayi aphunzitsi, cha Dusky ndi kambale kakang'ono kopyapyala ka timizu, makungwa ndi ulusi wa kangaude, kamamangidwa pa mphanda ya kanthambi kumapeto mkati mwa masamba, kovuta kukapeza. Cholendewera chija kuno amamanga ndi choso yemwe uja mmodzi, ndipo amakonda pakhonde penipeni pa anthu, pa chingwe choyanikira zovala, pa waya wa magetsi, ngakhale pa chokongoletsa cholendewera. Chimakhala chachitali, khomo pambali lokhala ndi kadenga, pansi pake nkulendewera zinyalala ngati mchira. Womanga ndi wamkazi. Anthu kuno akachipeza pa chingwe amangosiya kuyanikapo mpaka ana atauluka

Nachisale Cairns: Chimenecho ndachionapo kuntchito pakhonde la agogo ena omwe timawasamalira! Amakhala pampando tsiku lonse kuyang'anira, safuna munthu adutse pafupi ndi mopu. Koma poti mwayamba kundithandiza ndili ndi ina. Pomwe ndimadikira mmawa muja panabweranso ina yokulirapo, yobiriwira motuwa, pa tsaya pali kadontho kachikasu ndi kamzere kachikasu kochokera pakona ya mlomo. Inathamangitsa ka Dusky kaja. Chithunzi ichi

Tiyamike JCU: Eee anti apa ndiye mwalowa pa mayeso enieni a ku Cairns. Za kadontho pa tsayazi dera lanulo zilipo zitatu zofanana kwambiri moti ngakhale anthu oti akhala akuona mbalame zaka 30 amatsutsana pa chithunzi. Lewin's Honeyeater, Yellow-spotted Honeyeater ndi Cryptic Honeyeater. Lewin's ndi wamkulu pa onse, wodera, kadontho kake ndi kooneka ngati mwezi wongokhala kumene, ndipo kumpoto kuno amakonda kumtunda kozizira monga ku Atherton Tablelands, mtauni mwa Cairns si kawirikawiri. Ndiye kwa inu mpikisano uli pa awiri enawo

Mai a Mphatso Area 25: Ayi ine apa ndiye mwanditaya, zitatu zofanana ndiye anazisiyanitsa bwanji poyamba

Tiyamike JCU: Ndi mawu amayi, komanso kuyeza mmanja. Lewin's amalira trrrrrrr mosadukiza mawu amodzimodzi othamanga. Yellow-spotted amakuwa mokweza mawu anayi kapena asanu olekanalekana, lililonse lotsika kumapeto, tiyuu tiyuu tiyuu tiyuu, komanso amakalipa mokhadzula akaona njoka kapena mphaka. Cryptic ndi wofatsa, kamawu kamodzi kokha plik, nkukhala chete, kenako plik. Pathupi Cryptic ndi wocheperako, mlomo wowonda wotalikirapo poyerekeza ndi mutu, kadontho kakang'ono kozungulira. Yellow-spotted ndi wojintcha pang'ono mlomo wonenepa. Koma izi zimaoneka bwino zikakhala pamodzi, ikakhala yokha pa chithunzi cha foni ine sindilumbira. Ndipo mukatsegula buku losindikizidwa kale dzina loti Cryptic simulipeza, mupeza Graceful Honeyeater. Lloyd Nielsen, amene ankakhala dera lomwelo kumtunda kwa Cairns, analemba mu 2018 kuti za kuno ku Wet Tropics, dera la nkhalango zamvula lozungulira Cairns, ndi zosiyana ndi za kumpoto kwa Cape York pa maonekedwe ndi mawu omwe, ndiye anazigawa, Graceful anatsala wa kumpoto ndi New Guinea, wa ku Cairns nkukhala Cryptic

Kondwani Darwin: Ine pachithunzipo ndikuti Yellow-spotted, taonani kukula kwake poyerekeza ndi duwa

Achimwene a ku Kapa: Duwa silingakhale muyeso aise, ma grevillea a mmagaden ena maluwa ake ndi aatali ngati chikhatho ena ndi theka lake. Ine ndimabzala omwewa kuno

Aphunzitsi Mbewe Zomba: Kunonso tili ndi vuto lomweli pa timbalame tija ta mmaudzu ta cisticola, ukatiyang'ana tonse ndi kamodzi koma tikatsegula pakamwa aliyense ndi chinenero chake. Ndinkawauza ana a kalabu kuti atseke maso kaye mphindi zisanu asanatsegule buku. Mayi, inalira mbalameyo?

Nachisale Cairns: Inalira koma sindinasamale chifukwa maso anali pa kanga kaja. Pa vidiyo ija chakumapeto kukumveka kenakake, tamverani pa sekondi 40 kupita kutsogolo

Tiyamike JCU: Ndamvera ndi mahedifoni katatu. Pa 43 pali Yellow-spotted akukuwa momveka bwino, mawu anayi otsika aja. Koma akumveka ngati ali patali pang'ono, mwina mumtengo wa aneba, ndiye sitinganene kuti ndi yemweyo wa pachithunzi chifukwa awiriwa amatha kukhala mu gaden imodzi. Mkope mulembe kuti Yellow-spotted wamveka, tsiku ndi nthawi. Wa pachithunziyo mulembe kuti wa kadontho pa tsaya, mtundu sunatsimikizike, mpaka tsiku lomwe mudzamuone akutsegula mlomo inu mukuyang'ana. Pa eBird, pa intaneti pomwe anthu amalemba mbalame zomwe aona, ponso amalola kulemba choncho ndipo ndi bwino kuposa kungosankha dzina

Nachisale Cairns: Mwana akuti safuna mzere wopanda dzina mkope mwake, akuti tikhale pawindo Loweruka lonse

Tiyamike JCU: Muuzeni kuti Loweruka likubwerali ndikubwera ku Cairns pa basi kudzaona anzanga a ku kampasi ya ku Smithfield, ndiye Lamlungu mmawa ndikhoza kukutengani nonse ku Centenary Lakes pafupi ndi Botanic Gardens. Kumeneko Yellow-spotted ndi wosasowa ndipo Cryptic naye amamveka, mukangowamva onse awiri mmawa umodzi khutu siliiwalanso. Mitengo ya paperbark ikakhala ndi maluwa tikapezanso Brown Honeyeater muone kachigamba kaja ndi maso anu, mwinanso Brown-backed Honeyeater. Madzi a mnyanja akakhala bwino tidzatsikire ku Esplanade, kugombe la mtauni, chakumapeto kwa mangrove kuli Varied Honeyeater, waphokoso kwambiri ameneyo. Mu Okutobala BirdLife Australia imachititsa Aussie Bird Count, umangokhala malo amodzi mphindi 20 nkulemba zomwe waona pa app, mwanayo adzakhale atazolowera

Mai a Mphatso Area 25: Mukajambule ya plik yo mutiponyere tidzamve nafe. Ine ndayamba kuyang'ana pa bottlebrush wa pa tchalitchi pathu, dzulo panali kakuda konyezimira pakhosi pofiira

Aphunzitsi Mbewe Zomba: Kufiirako kunali pakhosi pokha kapena kunatsika mpaka pachifuwa mayi? Nanga pamutu panali kobiriwira? Mukayang'anenso Lamlungu mudzandiuze, ndipo mukaone ngati pali kabulauni koyenda nako

Nachisale Cairns: Tiyamike Lamlungu ndili off, tikumane nthawi yanji ndipo titenge chani

Tiyamike JCU: 6:30 pa geti la mbali ya Greenslopes Street anti, ikamakwana 9 kumakhala kutatentha mbalame zachepa. Zoonera patali ndibweretsa ziwiri. Inu mutenge madzi akumwa, zipewa, mankhwala odzola a udzudzu chifukwa pa kanjira ka matabwa kodutsa mdambo udzudzu wake si wamasewera, ndi nsapato zotseka. Mwanayo muuziretu kuti mphepete mwa madzi sitiyandikira, zikwangwani za ng'ona zili pamenepo ndi zenizeni.